Thandizeni abale, ma vesicle anga a kopa akungokhala pansi pa botolo

Muli bwanji nonse pagulu. Ndine wa chaka chomaliza ku chemistry kuno ku Lusaka ndipo pulojekiti yandiimika mutu. Ndikufuna kupanga ma vesicle, timipira tating'ono tamadzi mkati timene mamolekyu amapanga okha, mitu yokonda madzi kuyang'ana kumadzi, michira yothawa madzi kubisala pakati. Ndimafuna mutuwo ukhale complex ya kopa, kutanthauza kopa wogwirana ndi mamolekyu ena, poti ndi chuma chathu chomwechi, manje ndikasakaniza copper sulphate ndi sodium laurate ndikungopeza zinthu zobiriwira zonanda pansi, pa microscope palibe chooneka, masabata atatu apita chabe. Ndikulakwitsa pati?

Mphunzitsi wa ku Chelstone: Mwanawe, chomwe wapangacho ndi sopo wa kopa, copper laurate, ndipo sasungunuka m'madzi. Kopa wagwira ma laurate chaji yatha, ndiye mutuwo ukonda bwanji madzi? Funa ligand, molekyu yogwira chitsulo zolimba, ngati bipyridine, ya michira iwiri yaitali, kuti complex itsale ndi chaji. Mchira umodzi kawirikawiri umapatsa ma micelle, timipira topanda madzi mkati, iwiri ndiyo imakonda kupanga bilayer, khungu la mizere iwiri ya mamolekyu lomwe limapanga vesicle. Ambiri amathamangira chitsulo cha ruthenium m'malo mwa kopa koma mtengo wake ndi wowawa.

Wa ku Matero: madzi mukutenga kuti achimwene? a mu Lusaka muno ali ndi calcium yambiri chifukwa cha miyala ya laimu pansipa, onani mmene ketulo imayerera mkati. calcium nayo imagwetsa sopo

Mlongo wanu wa ku lab: Ngakhale ma vesicle atapangika, akakhala ang'ono simungawaone pa microscope wamba, siona zochepera cha pa 200 nm (nanomita). Aja anawafotokoza a Tianbo Liu ndi a Achim Müller mu 2003, opangidwa ndi mamolekyu a molybdenum ooneka ngati mawilo otchedwa Mo154, anali cha pa 90 nm ndipo analibe michira nkomwe. Walitsani ka laser pointer mu botolo, mzere ukaoneka ndiye kuti muli tinthu toyandama, koma kuti ndi tobowoka mkati mpaka TEM, microscope ya ma electron, kukula kwake DLS, makina oyeza tinthu ndi kuwala kwa laser.

Wofunsa: Zikomo aphunzitsi, za chajizo zandilowa tsopano. Za madzi ndivomere, magetsi atapita distiller yoyeretsera madzi inaima ndiye ndinatunga a pampopi kawiri. Laser ndiyesa mawa. Nanga alipo akudziwa komwe ndingayezetse DLS kuno kapena ku Copperbelt, ndipo sample ingapirire masiku angati panjira isanasinthe?