Mapepala a chesi a Agogo

Bambo Aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ndi ya kabuku ka mbiri ya malemu bambo, kamene tinagwirizana kuti katuluke pa tsiku la mpikisano wowakumbukira. M'sutikesi muja mwapezeka chikho, wotchi ya chesi, envelopu imodzi yomata, ndi mulu wa mapepala olembapo masewera. Tigawane ntchito lero.

Azakhali: Achimwene, pachikhopo palembedwa chaka?

Bambo Aakulu: Dzina la kalabu lokha ndilo likuoneka. Chaka chinafufutika ndi kupukuta.

Bambo Aang'ono: Ndiye mbiri yawo ili m'mapepalamo. Pamwamba pa pepala lililonse pamakhala deti, maina awiri ndi zotsatira. Dzina loyamba ndi la wosewera zoyera. Choncho 1-0, kutanthauza kuti wazoyera wapambana, sikuti bambo anapambana ayi, muyambe mwaona kuti anali mbali iti.

Chemwali: Bambo aang'ono, ndayesa kulowetsa pepala limodzi pa Lichess, webusaiti yosewererapo chesi, koma ikukana pa kusuntha kwachiwiri. Palembedwa P-K4 P-K4, kenako Kt-KB3 Kt-QB3. Kodi agogo ankalakwitsa?

Msuweni: Sanalakwitse chemwali, ndi kalembedwe kakale. FIDE, bungwe loyang'anira chesi padziko lonse, inasiya kukavomereza mu 1981, koma agogo anaphunzira kameneko. Mizere yoimirira sinkatchedwa a mpaka h, inkatchedwa ndi chidutswa chimene chimayambira pamenepo. K ndi mfumu, Q ndi mfumukazi, B ndi bishopu, R ndi chidutswa cha pakona. QR ndi a, QKt ndi b, QB ndi c, Q ndi d, K ndi e, KB ndi f, KKt ndi g, KR ndi h. Kt ndi kavalo, amene lero timalemba N. P ndi poni, amene lero sitimulembera chilembo n'komwe.

Chemwali: Zimenezo ndinazitulukira. Kt-QB3 ndalemba Nc3.

Msuweni: Pamenepo ndi pamene pagona vuto. Aliyense ankawerenga mizere yopingasa kuchokera kumbali yake. Kwa zoyera nambala imakhala yomweyo. Kwa zakuda muchotse nambalayo pa 9. Kt-QB3 ya zakuda ndi Nc6, ndipo P-K4 yawo ndi e5, osati e4.

Chemwali: Yavomera tsopano! Chachitatu ndi B-Kt5.

Msuweni: Bb5. Mayambidwe amenewo ndi Ruy Lopez. Muzilemba mayambidwe a masewera aliwonse pambali, tidzawerenge kuti agogo ankakonda ati akakhala ndi zoyera ndi ati akakhala ndi zakuda. Zimenezo zidzanena zambiri za iwo kuposa chikho.

Alamu: Ndiwonjezereko alamu. Musamasulire ndi maso okha, muike bolodi patebulo n'kumasuntha. Pakudya ankalemba PxP kapena BxKt, osatchula malo. Kuti mudziwe poni wake uti muyenera kuona mmene bolodi lilili nthawi imeneyo. Komanso akalemba Kt-B3 yokha, ndiye kuti kavalo mmodzi yekha ndiye akanatha kufika, mbali ya mfumu kapena ya mfumukazi. Mukaphonya pa kusuntha kwa 12, zimatha kuoneka bwinobwino mpaka pa 20, kenako mudzapeza bishopu akufuna kudumpha poni. Zikatero bwererani m'mbuyo, fufuzani pamene panali njira ziwiri.

Azakhali: Nanga pamene inki yasuluka?

Alamu: Musadzazepo zongoganiza, azakhali. Onani kusuntha kotsatira, nthawi zambiri kumaulula chimene chasowa. Zikakanika, masewerawo alembedwe mpaka pomwe akuwerengeka, pansi pake tinene kuti otsalawo sakuoneka. Kabuku kakatuluka ndi kusuntha kosatheka, osewera adzakaona tsiku lomwelo.

Bambo Aang'ono: Chidziwitso china: mukaona kamzere pansi pa kusuntha kwa nambala inayake, monga 40, si cholakwika. Ndi pamene nthawi yoyamba inkathera. M'mipikisano ikuluikulu ya kale ankapereka maola awiri ndi theka kuti munthu asunthe ka 40. Zolemba zikayamba kupotoka chakumeneko, dziwani kuti wotchi inawapanikiza.

Bambo Aakulu: Envelopu ija ndiitsegule?

Msuweni: Dikirani kaye malume! Kunja kwake kwalembedwa chiyani?

Bambo Aakulu: Maina awiri, nthawi ziwiri, nambala 41, ndi kabolodi kojambula pamanja.

Msuweni: Amenewo ndi masewera oimitsidwa. Kukada masewera asanathe, amene inali nthawi yake ankalemba kusuntha kwake mobisa, n'kumata, n'kupereka kwa woyimbira. Mnzakeyo ankagona osadziwa kuti wasuntha chiyani, iyenso osadziwa yankho lake. Chizolowezichi chinatha m'zaka za m'ma 1990 makompyuta atayamba kuthandiza anthu kunyumba. Ngati envelopu ili yomatabe, mwina anagwirizana zotsatira osabwereranso pabolodi.

Azakhali: Ndiye isatsegulidwe m'nyumba ngati kalata ya ngongole. Tsiku la mpikisano tiike zidutswa monga zilili pa kabolodi kojambulako, ana aganize kuti chinalembedwa n'chiyani, kenako achimwene atsegule.

Bambo Aakulu: Mwanena bwino mlongo. Zikhala choncho.

Alamu: Muijambule mbali zonse isanatsegulidwe. Podula mudule m'mphepete ndi mpeni wakuthwa, musang'ambe pomata. Mapepala enawo asamatidwe ndi selotepi, imasiya chikasu ndipo imachotsa inki. Asatenthedwenso mu pulasitiki, akalowamo satulukanso. Chotsani timawaya ndi mapini a dzimbiri, lembani nambala kumbuyo ndi pensulo, mujambule pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi), kapena 600 pamene zolemba zasuluka.

Chemwali: Wotchi ya agogo tiigwiritse ntchito pa mpikisanowo?

Bambo Aang'ono: Ayi, ikhale yoonetsa. Ndi yopiringa, yokhala ndi kambendera kamene muvi wa maminiti umakakweza ukamayandikira 12, kenako kamagwa. Siitha kuwonjezera masekondi pa kusuntha kulikonse. Ndipo wina asaipiringe mokakamiza, mafuta ake anauma kalekale. Pa mpikisano tibwereke zamabatire, tiike maminiti 15 kuwonjezera masekondi 10. Mabatire aikidwe atsopano usiku wake.

Azakhali: Alembetsa ndi 16. Aliyense asewere ndi aliyense monga ankachitira kukalabu?

Msuweni: Amayi, zimenezo ndi magawo 15, masewera 120. Kukalabu ankatenga miyezi. Ife tili ndi tsiku limodzi, ndiye titsate dongosolo la Swiss, opambana azikumana ndi opambana anzawo. Magawo 4 ndi okwanira kupeza katswiri pa anthu 16, koma tichite 5 kuti malo achiwiri ndi achitatu amveke bwino. Gawo lililonse tiliwerengere ola limodzi. Mabolodi 8, mawotchi 8, ndi afumukazi apadera chifukwa ana amakonda kufikitsa poni kumapeto, kumene amasanduka mfumukazi. Akalingana mapointi tidzatsata Buchholz, kuwonkhetsa mapointi a anthu amene aliyense anasewera nawo, koma zilengezedwe masewera asanayambe.

Alamu: Ndipo woyala mabolodi aonetsetse kuti bokosi loyera lili pakona ya kudzanja lamanja, mfumukazi pa mtundu wake. Chithunzi cha pachikuto chikadzatuluka ndi bolodi lotembenuka, a kukalabu adzatiseka.

Bambo Aakulu: Chabwino. Alamu ajambula mapepala onse pofika Loweruka. Ana awiri inu mumasulire, aliyense payekha, kenako mufanizire zimene mwapeza. Pamene mwasiyana mutumize chithunzi muno. Mng'ono wanga asanje masewera motsata madeti, opanda deti aikidwe padera. Mlongo, inu mufunse kukalabu ngati buku lawo la akatswiri lilipobe, chaka cha pachikho chingapezeke kumeneko.

Chemwali: Msuweni, pa kusuntha kwa 9 palembedwa P-KR3 mbali ya zakuda. Ndiye h6?

Msuweni: h6. Pitirizani.