Ampulifaya yoyenera masipika a Bowers & Wilkins 802 D3: Bryston, McIntosh kapena NAD?

Mlongoti

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndagula masipika a Bowers & Wilkins 802 D3 ogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Johannesburg, koma ampulifaya yomwe ndili nayo, ya mawati 120 mbali iliyonse, ikuoneka kuti sikuwakwanitsa. Nyimbo zofatsa zikumveka bwino, koma ndikangokweza pa nyimbo zokhala ndi ng'oma ndi besi yambiri, mawu apansi akumasokonekera, ndipo ampulifayayo ikumatentha mpaka kuzima yokha. Chikundidabwitsa n'chakuti opanga masipikawa amalemba kuti ndi a ma ohm 8 ndipo amatulutsa 90 dB (muyeso wa kukwera kwa mawu) pa ma volt 2.83, zomwe ndimaganiza kuti si zovuta kuyendetsa. Ndikulingalira zitatu: Bryston 4B Cubed, McIntosh MC462 ndi NAD M23. Chipinda ndi cha mamita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi, kuno ku Lilongwe. Kodi ndingotenga ya mawati ochuluka kuposa zinzake?

Chiphaliwali

A Mlongoti, vuto lanu silili pa kuchepa kwa mawati. Sipika ya 90 dB ikapatsidwa mawati 100 imafika pafupifupi 110 dB pa mtunda wa mita imodzi, phokoso limene simungalipirire nthawi yaitali, ndipo kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera 3 dB basi. Pa pepala lomwelo pamene mwawerenga ma ohm 8, onaninso nambala imene ili pambali pake: impedance (mmene sipika imatsekerezera magetsi kudutsa) ya 802 D3 imatsika mpaka ma ohm 3. Ampulifaya ikamatulutsa ma volt 28, sipika ya ma ohm 8 imakoka ma ampere atatu ndi theka, pamene pa ma ohm 3 imakoka oposa 9. Kuwonjezera apo, pa mafrikwensi ena volteji ndi kalenti siziyendera limodzi, ndipo zikatero mathiranzisita amatentha kwambiri ngakhale mawu otuluka asali aakulu. Keith Howard anafotokoza zimenezi mu magazini ya Stereophile mu 2007 pogwiritsa ntchito muyeso wotchedwa EPDR, umene umasonyeza kuti sipika ina imalemetsa ampulifaya ngati kuti ndi ya ma ohm 2 kapena kucheperapo. Kuzima kumene mukukuonako ndi chitetezo cha ampulifaya yanu chikugwira ntchito yake.

Choncho poyerekeza, muziyang'ana mmene mphamvu ikukwerera impedance ikamatsika. M'zaka za m'ma 1980, anthu amene anali ndi masipika a Apogee Scintilla, a ohm imodzi yokha, ankathamangira maampulifaya a kampani ya Krell ya Dan D'Agostino osati chifukwa cha mawati ambiri: KSA-50 inali ya mawati 50 okha, koma inkawirikiza mphamvuyo pa ma ohm 4. Bryston 4B Cubed imapereka mawati 300 pa ma ohm 8 ndi 500 pa ma ohm 4, ndipo ine ndi imene ndingatenge. Kampani ya ku Canada imeneyi imapereka chitsimikizo cha zaka 20, koma mufunse wogulitsa ngati chidzagwire ntchito katunduyo akatuluka m'dziko limene mwamugula.

Nthambi

Ndikugwirizana ndi a Chiphaliwali pa nkhani ya kalenti, koma muyeso wawo wa kuwirikiza mphamvu sungagwiritsidwe ntchito pa McIntosh, chifukwa inapangidwa mwanjira ina. MC462 ili ndi mathiransifoma kotulukira mawu, amene iwo amawatcha autoformer, ndipo kumbuyo kwake kuli polumikiza patatu: pa ma ohm 2, 4 ndi 8. Paliponse imapereka mawati 450. Ubwino wake ndi wakuti mathiranzisita amagwira ntchito mopepuka, motero satentha kwambiri. Chofunika kusamala ndi posankha polumikiza. Anthu ambiri amaona 8 pa sipika n'kulumikiza pa 8, pamene sipika yotsika mpaka ma ohm 3 kawirikawiri imagwirizana ndi pa 4. Ine nditasuntha mawaya kuchoka pa 8 kupita pa 4 pa masipika ofanana ndi anuwa, kulira kwa ng'oma yaikulu kunayamba kudukira pamene kuyenera kudukira, osakoka mchira ngati kale. Mudziwenso kuti ampulifayayi imalemera makilogalamu oposa 50, choncho mtengo wonyamulira ndi shelefu yoikapo zikhale m'mawerengero anu.

Mukapeza mwayi womvetsera ziwiri pamalo amodzi, musadalire khutu pofananitsa kukwera kwa mawu. Ikani toni ya 1 kHz, yezani volteji pa mawaya a sipika ndi multimeter, ndipo muonetsetse kuti kusiyana sikukupitirira 1 peresenti, komwe ndi pafupifupi 0.1 dB. Popanda kutero, imene yakwera pang'ono ndiyo idzamveke yokoma, ndipo mudzalipira ndalama zambiri chifukwa cha kusiyana kumene kulibe.

Kamtedza

Bambo Mlongoti, musaipeputse NAD M23 chifukwa choti ndi ya Class D, mtundu wa ampulifaya umene mathiranzisita ake amayaka ndi kuzima mofulumira kwambiri ndipo sutentha kwambiri. Zakale za mtundu umenewu zinalidi ndi vuto lakuti mawu apamwamba ankasintha malinga ndi sipika imene mwalumikiza, koma M23 imagwiritsa ntchito luso la Eigentakt la kampani ya Purifi ya ku Denmark, limene Bruno Putzeys anagwirapo ntchito, ndipo vutolo analithetsa potenga feedback (gawo la mawu otuluka limene limabwezedwa kuti likonze zolakwika) mawu atadutsa kale mu fyuluta yomaliza. Imapereka mawati 200 pa ma ohm 8 ndi 380 pa ma ohm 4, kutanthauza kuti imayandikira kuwirikiza kuposa Bryston, ngakhale Bryston ili ndi mphamvu yochuluka mukaziika pamodzi. Mu Okutobala ku Lilongwe, ampulifaya imene sitenthetsa chipinda ndi yofunika kwambiri, ndipo ngati nthawi zina mumadalira inveta, Class D imadya magetsi ochepa. Iliyonse imene mungasankhe, onetsetsani kuti ndi ya ma volt 230, chifukwa zambiri zogulitsidwa ku America zimakhala za ma volt 120.

Mlongoti

Zikomo kwambiri nonse. McIntosh ndaisiya chifukwa cha kulemera ndi mtengo wobweretsera. Ndapempha wogulitsa kuti andikonzere Bryston ndi NAD pa masipika a mtundu womwewu ndikadzapita ku Johannesburg, ndipo multimeter ndidzatenga yanga. A Nthambi, kodi poyeza voltejiyo masipika akhale olumikizidwa, kapena ndiyambe ndawachotsa?