Kodi mudzi wosadziwika pomwe udali ungatchedwe bwinja?

Mdzukulu wa NaJere: Akuluakulu, ndithandizeni pa mawu oti bwinja. Lamulungu ndimawafotokozera azakhali anga za mizinda iwiri ya mafumu achisilamu kufupi ndi Córdoba ku Spain. Woyamba ndi Madinat al-Zahra, womwe Abd al-Rahman III adayamba kumanga cha m'ma 936, atadzilonga ukhalifa (udindo wa mtsogoleri wamkulu wa Asilamu) mu 929. Wachiwiri ndi Madinat al-Zahira (maina ngofanana, koma malo ngosiyana), womwe adamanga nduna yaikulu al-Mansur cha m'ma 979, kuti zaboma zonse zizichitikira pakhomo pake pomwe khalifa Hisham II adali akadali mnyamata. Wachiwiriwu anthu oukira adaufunkha n'kuugwetsa mu 1009, ndipo mpaka lero akatswiri sanamvane za pomwe udali penipeni. Ine ndinati yonse iwiri ndi mabwinja. Azakhali anandidula pakamwa: "Iwe, bwinja limasowa? Losowalo si bwinja." Atatero anangopitiriza kusenda mbatata. Amatanthauzanji?

NaPhiri wa ku Dowa: Mwandikumbutsa agogo anga aakazi. Mvula yoyamba ikagwa ankatitenga kukathyola bonongwe kubwinja, kuseri kwa dambo. Tinkapeza mapale, mafuwa atatu ali chikhalire, nsatsi zitamera pomwe padali dzala. Amvekere, "Pondani bwino, apa padali nkhokwe ya amayi anga." Ife timaona tchire, iwo amaona nyumba ndi nyumba.

Gogo Chisale: Azakhali anuwo alondola, mwanawe. Bwinja ndi la eni ake. Pamafunika munthu woti aloze ndi chala n'kunena kuti apa mpathu. Wolozayo akatha, malowo abwerera kutchire. Ndiye mzinda wanu wachiwiriwo si bwinja ayi.

Che Mdala wa ku Mangochi: Salaam nonse. Bambo Chisale, ndikupatsani ulemu, koma muyeso wanuwo ugwetsanso mzinda woyamba uja. Madinat al-Zahra adauononga pa nkhondo yapachiweniweni, pakati pa 1010 ndi 1013, usanathe n'komwe zaka 80. Zitatero anthu adayamba kututa miyala yake yosemasema kukamangira kwina, ina idakalowa m'makoma a nyumba ya amonke ya San Jerónimo paphiri lapafupi pomwepo. Patapita mibadwo, anthu a m'deralo ankangoti malowo ndi Córdoba la Vieja, Córdoba wakale, ena n'kumaganiza kuti adamanga ndi Aroma. Makoma ankaoneka ndithu, koma dzina lake lidaiwalika, woloza panalibe. Kukumba kudayamba mu 1911. Tsono zaka mazanamazana zonsezo mukuti padali pa tchire wamba?

Gogo Chisale: Eya, ndikutero. Mu 1911 mo ndi momwe adapezeka woloza, pamenepo mpomwe padasanduka bwinja. Poyamba padali pa miyala chabe.

Mai a Tadala: Kwathu ku Ntcheu agogo ankasiyanitsa mwina. Ankati bwinja mpomwe anthu adachoka okha, atanyamula mitondo ndi nkhuku zawo, chifukwa maliro achuluka kapena nthaka yaguga. Pomwe padapsa ndi nkhondo sankapatchula n'komwe dzina, ankangoti "paja", ndipo mwana akatola mkanda pamenepo ankamuuza akabweze. Ndikamva za anthu a m'mizinda imeneyo mtima ukundiwawa, pajatu m'nyumba zachifumu mumakhalanso ophika, otunga madzi, ana. Iwowo sadasamuke, adathawa.

Mphunzitsi Wopuma: Koma m'Baibulo lathu lachinyanja mawu oti bwinja ndi mabwinja amawagwiritsa ntchito pa midzi yopasulidwa ndi adani. Omasulirawo adafunsa nkhalamba za nthawi imeneyo, sadangolota.

Mdzukulu wa NaJere: Chomwe chikundivuta n'chakuti al-Zahira sadafafanizike kotheratu. Alembi akale achiarabu adalemba za iye, kuti adali kum'mawa kwa Córdoba m'mbali mwa mtsinje wa Guadalquivir. Palinso beseni la mwala wa mabo lomwe lidapezeka ku Seville, lolembedwa kuti adalisemera al-Mansur pa nyumba yake ya ku al-Zahira cha m'ma 987, pano lili m'nyumba yosungiramo zakale ku Madrid. Phale lilipo, dzina lilipo, malo okha ndiwo palibe. Pomwe winayo malo adalipo, dzina n'lomwe lidasowa.

Gogo Chisale: Phale lotoledwa kwa eni si bwinja, mwanawe. Mtondo wa agogo anga uli kuno ku Lilongwe, kodi ndiye kuti bwinja lathu lili ku Lilongwe? Bwinja ndi nthaka. Uyenera kuimapo.

Che Mdala wa ku Mangochi: Apo pokha ndagwirizana nanu. Pa al-Zahra munthu amaimapo lero, ndi malo a mahekitala oposa 100, ngakhale pokumbidwa ndi pang'ono chabe, ndipo bungwe la UNESCO lidapaika pa mndandanda wake wa malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 2018. Koma zoti padali tchire 1911 isanafike, ayi, sindivomera. Mizimu ya eni ake idadikira wofukula?

NaPhiri wa ku Dowa: Komanso inu nonse mukungoti mzinda, mzinda. Agogo akanamva akanakufunsani kuti mwini mzinda ndani. Kwa iwo mzinda udali mudzi wa mfumu yomwe idapatsidwa bwalo, yokhala ndi mphamvu yovinitsa gule ndi chinamwali. Mudzi ungakule bwanji, wopanda zimenezo sudali mzinda. Ana a lero akamva mzinda amangoganiza magetsi ndi maminibasi.

Mai a Tadala: Musanene, achemwali. Wanga wa Fomu 3 ndinamufunsa usiku uno kuti bwinja n'chiyani, akuti ndi nyumba yosatha kumanga. Chilichonse kwa iwo ndi "bho" basi. Dzala salidziwa, mafuwa sawadziwa. Koma mlandu ndi wathunso, tchuthi chikafika sitiwatumiza kumudzi.

Achimwene a ku Joni: Musatinyoze tonse amayi, ena timafuna kudziwa, n'chifukwa tili pano. Ine bwinja la kwathu sindidalionepo, amalume okha ndiwo amadziwa njira yake ndipo akalamba. Malinga ndi a Chisale, iwo akapita ndiye kuti ife tilibe bwinja?

Gogo Chisale: Ndi zomwe ndikunenazo. Pitani chaka chino akakulozereni, mutengenso ana. Muone mtengo womwe uli pafupi, muuloweze.

Mphunzitsi Wopuma: A Chisale, za m'Baibulo zija simunandiyankhe.

Mdzukulu wa NaJere: Azakhali ndawaimbiranso masana ano. Akuti funso langa lidakhota poyambira, ndiyambe ndawauza komwe adaikidwa anthu a mumzindamo, chifukwa kwa iwo bwinja limayendera limodzi ndi manda. Alipo wina kwawo ankatero?