Ululu wa kapamba ukuwatha bambo a ana anga, koma kuchipatala amangoti "bolako"

Mayi wa ku Linthipe: Admin ndibiseni dzina. Abale anga, ndithandizeni nzeru. Bambo a ana anga anawapeza ndi matenda a kapamba osatherapo, adokotala amati chronic pancreatitis. Atawajambula ku Kamuzu Central anati m'kapambamo muli timiyala. Kachasu anasiya tsiku lomwelo, koma fodya akusutabe mobisa, ndimamva fungo pajekete.

Ululu umayambira pansi pa nthiti, pamwamba pa mchombo, n'kuboola mpaka kumsana. Akadya ndiye umakula, makamaka chipisi cha pachiwaya kapena nyama ya nkhumba. Chagada sagona. Usiku ndimawapeza atagwada pamphasa, chipumi atatsamiritsa pampando, pilo atamukumbatira pamimba, thukuta lili kamukamu ndi kuzizira kwa Dedza kuno. Nsima akuiopa. Lamba taboola kale mabowo awiri atsopano. Chimbudzi chimatuluka chotuwa, chamafuta, chonunkha kwambiri.

Chimene chikundiwawa n'chakuti tikafika kuchipatala, akawafunsa kuti zikupweteka bwanji, amangoti "bolako." Timabwerako ndi panado basi, iwo n'kumakagula brufen kugolosale. Ndichite bwanji kuti adokotala adziwe ululu umene ndimauona ine usiku? Komanso wina wanditchulira morphine. Si mankhwala a anthu amene atsala pang'ono kutisiya amenewo?

Namwino wa ku Ntcheu: Mayi, pepani. Ife timalemba zimene wodwala wanena, ndiye "bolako" ameneyo akuwalanda thandizo. Gulani kope. Tsiku lililonse bambowo azinena nambala, 0 ngati palibe ululu, 10 ngati wafika posapiririka. Lembani nthawi, zimene anadya, mankhwala amene anamwa, ngati anathandiza ndi kwa maola angati, ndiponso ngati anagona. Pokaonana ndi adokotala mulowe nawo, kope lili m'manja, za chimbudzi chamafutazo munenenso.

Mankhwala a ululu amakwera ngati makwerero: panado, akakanika tramadol kapena codeine, kenako morphine. Morphine si chizindikiro cha imfa ayi, koma pa matenda okhalitsa ngati awa amafuna dokotala wowatsatira, chifukwa thupi limamuzolowera ndipo amamanga m'mimba. Ululu wina umachokera m'mitsempha, pamenepo amapereka amitriptyline kapena pregabalin. Funsani za gulu la palliative care pachipatala cha boma, ntchito yawo ndi ululu womwewu. Brufen wa tsiku ndi tsiku asiye, angawabweretsere zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso.

Bambo wa ku Lizulu: Mlongo, matenda amenewa ndili nawo ine. Kugwadako ndikukudziwa, munthu ukaweramira kutsogolo umapumako pang'ono. Fodya ndinkati alibe mlandu, adokotala anandiuza kuti amapitiriza kuwononga kapamba ngakhale utasiya mowa. Auzeni achimwene, anena ndi mnzawo wodwala. Chakudya ndimadya pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku: phala, kachewere wowiritsa, usipa wosakazinga. Pali makapisozi otchedwa Creon omwera limodzi ndi chakudya, ine anandithandiza chimbudzi ndipo thupi linabwererako, kungoti ndi odula.

Mayi wina: Ayezetsenso shuga, kapamba yemweyo ndi amene amapanga insulin, yomwe imachepetsa shuga m'magazi. Ndipo akayamba kusanza osaleka, kutentha thupi kapena maso kuchita chikasu, musadikire kuti kuche.

Mayi wa ku Linthipe: Zikomo nonse. Ndatenga kope la mwana losalembamo. Madzulo ano ndawafunsa nambala, anakhala chete kanthawi, kenako anati 8. Zaka zonsezi sanandiuzepo. Anamwino, Lachinayi tikupita, kodi ndikapempha kulowa nawo m'chipinda cha adokotala sakandibweza pakhomo?

Namwino wa ku Ntcheu: Bambowo akavomera kuti mulowe, palibe chovuta. Kambiranani kunyumba musananyamuke, kuti akanene okha pakhomopo kuti "awa ndi akazi anga, alowe."