Njinga yamoto ya sport yapakatikati yoyendera mu Zomba ndi pa M3: nditenge iti?

WaMatawale

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama. Ndimakhala ku Matawale, ntchito ndimagwira m'tauni momwe muno, koma banja lili ku Limbe, ndiye Lachisanu madzulo ndimakhala ndili pa M3. Maminibasi anditopetsa. Kudikira adzaze pa depoti, kuima pa Thondwe, kuima pa Namadzi, kuimanso pa Njuli, ulendo wa makilomita osakwana 70 umakafika kutada. Galimoto sindingaikwanitse ndi mmene petulo amavutiramu.

Njinga yamoto si yachilendo kwa ine. Kuntchito kwanga kwakale ndinkayendera Yamaha DT 125 m'midzi ya ku Jali ndi ku Mayaka, ndipo laisensi ya A1 ndili nayo. Pano ndikufuna yangayanga, ya sport, zamapulasitiki kutsogolo zija. Ndisabise, maonekedwe ake amandikoka mtima. Chilombo cha 1000cc ayi, ndikufuna yapakatikati, yoti thiraki ikakhala kutsogolo ndiipitirire osachita kupemphera.

Ku Blantyre kuli Kawasaki Ninja 300 ya 2014, yolembetsedwa kale kuno, blue book ilipo. Pulasitiki ya kumanja ndi yong'aluka, mwini wake akuti inagwa ili chiimire pakhomo. Kulinso Honda CBR600RR imene mnyamata wina akugulitsa pa Facebook pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi Ninja ija, kungoti mapepala ake akuti "akubwera". Mtima wanga uli pa imeneyi, kalilidwe kake kokha kamandimaliza. Msuweni wanga wa ku Johannesburg nayenso akuti ndisavutike, atha kundipezera Suzuki SV650S kapena Honda CBR500R n'kuikweza thiraki. Inu amene mukuziyendera, nditenge iti?

Makaniko_Chinamwali

Achimwene, CBR600RR ija iwaleni, ndipo ndiyambe ndi mapepalawo. Njinga ya 600cc yogulitsidwa pamtengo wa 300cc, mapepala akubwera, imeneyo ili ndi mwini wake kwinakwake amene akuifuna. Tsiku lina apolisi adzayerekeza nambala ya chasisi pa rodibuloko, mudzabwerera pa minibasi yomwe mukuithawayo.

Ngakhale mapepala akanakhalapo, sindikanakulimbikitsani. Injini yake ndi ya masilinda anayi, mphamvu imaposa 100 hp (mulingo wa mphamvu ya injini), koma mphamvuyo imabwera marevu, kuzungulira kwa injini pa mphindi, akadutsa 10,000. Inapangidwira bwalo la mpikisano. Kuchokera ku Matawale kufika pamsika simudzatuluka mu giya yachiwiri, fani ya rediyeta izingolira, miyendo ikupsa, zigwiriro zili pansi thupi lonse latsamira pamanja. Kuli ngati kuphera nkhuku nkhwangwa. Tayala lake lakumbuyo ndi 180/55-17, la labala wofewa, limatha msanga, ndipo mu Zomba muno mulibe sitolo imene mungalipeze. Munthu wochoka pa DT 125 akalumphira pamenepo timamuonanso ku wodi ya mafupa.

Pa zimene mwatchulazo ine ndikanatenga Ninja 300, chifukwa ili kuno kale ndipo mutha kuigwira ndi manja musanapereke ndalama. Ndi 296cc, masilinda awiri, ilibe kabuleta, imayendera injekishoni. Thanki yake ndi ya malita 17, ndipo mukamayenda mwaulemu lita imodzi imakupatsani makilomita 25 kapena kupitirirapo. Thanki imodzi mupita ku Limbe, kubwerera, n'kuyendera sabata yonse ya kuntchito. Nthawi ya mizere pa filing'i siteshoni chimenechi ndiye chuma. Pa M3 imathamanga mokwanira bwino, kungoti imafuna muziipatsa marevu, musamaope kutsitsa giya popitirira galimoto.

Tsono nkhani ya "inagwa ili chiimire" ija aliyense wogulitsa amanena choncho. Muone nokha. Njinga imene yangogwa chiimire imakhala ndi timadontho kapena kakufumphuka pang'ono kunsonga kwa chigwiriro, pa liva ya buleki ndi pa ekizozi. Imene yakhwekhwerezeka pa tala imakhala ndi mizere italiitali yolowera mbali imodzi, ndipo chopondera phazi chimakhala chodyeka ngati chapalidwa ndi tupa. Mukhotetse handulo mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri: pansi pa khosi la chasisi pali tizitsulo toimitsa handuloyo, kakakhala kothyoka kapena kowotcherera ndiye kuti inamenya kolimba. Mugwire mapaipi a mafoko, ogwira tayala lakutsogolo aja, ndi chala, chikanyowa oilo masiilo apita. Pulasitiki yong'aluka payokha si kanthu, anyamata owotcherera mabampa amaikonza. Foko yopindika ndiye ndalama. Ndipo muuzeni mwini wake asailize inu musanafike, injini muipeze yozizira.

China chimene anthu saganizira pogula: mahampu. Njinga zimenezi n'zofupika pansi, masentimita 14 okha kapena chapompo. DT yanu ija inkangolumpha, iyi mukalowa hampu mwaliwiro mudzamva mimba ikukhula. Muzilowa chopingasa pang'ono. Ku Jali ndi ku Kachulu nthawi ya dzinja musaiyesere n'komwe.

V2_KuChawe

Madala a Chinamwali anena zoona pa CBR600RR, koma pa Ninja 300 tisiyana pang'ono. Achimwene a Matawale, ndinu otalika bwanji, ndipo akunyumba muziwanyamula? Chifukwa 300 ukakhala wekha imakoma, koma mukakhala awiri ndi chikwama, pachitunda uziyamba kuvina ndi magiya. Pakatha chaka mudzafuna yaikulu, mudzagulitsa moluza.

Ine ndimayendera SV650S ya 2005. Ndi 645cc, masilinda awiri oima ngati V, mphamvu pafupifupi 70 hp, koma kukoma kwake n'kwakuti imakoka kuyambira pansi penipeni. Msewu wokwera ku Chawe uja, makhona opanikiza aja m'kati mwa mapaini, ndimakwera mu giya yachitatu osasinthasintha, ukangotsegula pang'ono potuluka pakhona yanyamuka. Potsika injini yokha imaigwira, mabuleki sutentha nawo. Pulasitiki ili kumtunda kokha, pansi palibe chokhula pa hampu kupatula paipi ya ekizozi. Suzuki anayamba kuzipanga mu 1999, zilipo zambirimbiri ku South Africa ndi ku UK, ndiye masipeya akale sasowa. Za 2003 kumapita kutsogolo ndi za injekishoni, zimenezo ndiye muzifuna.

Chodziwika pa SV zakale ndi pulagi ya silinda yakutsogolo. Ili kumbuyo kwenikweni kwa tayala lakutsogolo, ndiye mvula yamphamvu madzi amathira pomwepo, akadzaza m'dzenje la pulagi njinga imayamba kuyendera silinda imodzi. Pali kabowo kotulutsa madzi m'mbali mwa silinda, kamatsekeka ndi matope. Kutokosa ndi kawaya, kuonjezera madigadi yakutsogolo ndi kapulasitiki, nkhani yatha. Ndi mvula ya pa Zomba pano muyenera kudziwiratu zimenezi. Petulo imamwa kuposa Ninja, makilomita 20 pa lita ndiye mulingo wake.

Mwa ziwiri za msuweni wanuzo, munthu wochoka pa 125 mwina CBR500R ingamuyenere kuposa yanga. Ndi 471cc, 47 hp, munthu umakhala mowongoka, petulo imamwa ngati Ninja yomweyo. Anthu amati ilibe moto, n'zoona siyosangalatsa ngati SV, koma ndi njinga yopanda nthabwala zoipa.

Ndipo aliyense wokwera ku Chawe m'miyezi ya June ndi July asamale. Chifunga chikagwa, malo a mthunzi tala imakhala yonyowa tsiku lonse, masamba a paini ali mbwee pakhona, kenaka ukumana ndi wa njinga yakapalasa atasenza nkhuni akutsika pakati pamsewu.

MayiClearing

Abambo inu mukukamba za ma hp, ine ndikambe za ndalama, chifukwa ntchito yanga ndi yoombola katundu pa boda. Mtengo umene msuweni wanu akukuuzani mu ma rand si mtengo wa njinga ikafika pakhomo panu. Muonjezerepo thiraki yodutsa ku Zimbabwe ndi ku Tete mpaka pa Mwanza. Muonjezerepo msonkho wa MRA, umene amawerengera pa mtengo wa njinga pamodzi ndi mayendedwe ake, VAT n'kubweranso pamwamba pa zonsezo. Ma rand enieniwo muwapeza kuti? Ku banki forex ndi yovuta, ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera. Ambiri amaitanitsa atawerengera mtengo wogulira wokha, njinga n'kukhala pa boda ikuwerengedwa ndalama yosungira.

Ngati mwatsimikiza za Joni, msuweni wanu atenge police clearance ya SARPCCO, bungwe la apolisi a maiko a kum'mwera kwa Africa, ndi mapepala otulutsira njingayo m'dziko njinga isanakwere thiraki. Popanda zimenezo ku Road Traffic sakulembetserani. Nambala ya injini ndi ya chasisi zifanane ndi zapapepala chilembo ndi chilembo. Ya ku Blantyre ija ubwino wake ndi umenewo, wina analipira kale zonsezi. Koma dzina la pa blue book lifanane ndi chiphaso cha amene akukugulitsaniyo, ndipo kusintha umwini mukachitire limodzi ku ofesi, osati kupatsa adobadoba.

Komanso A1 yanuyo imathera pa 125cc. Njinga zonse mwatchulazi zikufuna laisensi ya A. Mukachita ngozi ndi laisensi yosayenera a inshulansi ali ndi chifukwa chokanira kulipira. Muike pa bajeti COF (chiphaso choti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshulansi, chisoti chenicheni chotseka nkhope yonse, osati zija za akabaza zokhala ngati mbale, magolovesi ndi jekete. Majekete a chikopa a njinga nthawi zina amapezeka pa kaunjika nyengo yozizira, muziyendayenda mumsika.

Dolo_wa_Chikanda

Bwanji osangogula Pulsar RS200 kapena KTM RC 390 bigi? Zonse amapanga a Bajaj ku India, omwe amapanga Boxer za kabaza. Masipeya mbwee. Zinazi ndi za ma biggie a ku Area 10.

Makaniko_Chinamwali

Aise wa Chikanda, RC 390 imapangidwadi kufakitale ya Bajaj ku India, koma usaganize kuti sipeya ya Boxer ingalowe pamenepo. Palibe chofanana, ngakhale fyuluta ya oilo. Ndi silinda imodzi ya 373cc, yamoto kwambiri, yopepuka, koma kakhalidwe kake n'kowerama ngati CBR600RR yomwe ija ndipo mpando ndi wolimba. Pulsar RS200 ndi nzeru ndithu kwa amene thumba lili lochepa, sindikuinyoza. Kungoti achimwenewa akufuna yopitirira mathiraki pa M3, 200cc pamenepo ndi pamalire.

A V2, SV ndimaikonda nanenso, koma mukumbukire kuti ya 2005 ndi njinga yokalamba. Mapaipi a madzi, mabeyaring'i, regulator yotchajira batire, zonsezo nthawi yake yakwana, ndipo munthu akuigula pa chithunzi cha WhatsApp. Tayala lakumbuyo la SV ndi la CBR500R ndi 160/60-17, la Ninja 300 ndi 140/70-17, lotsikirapo mtengo, ndipo saizi yapafupi nayo imapezeka chifukwa njinga za ku India zina zimavala yomweyo.

Za petulo ndionjezere, chifukwa njinga zambiri za injekishoni zimene zimafika pagalaja panga vuto ndi limeneli. Pampu ya mafuta ili m'kati mwa thanki, ili ndi kasefa kopyapyala. Petulo wa m'zigubu wa mavenda amabwera ndi zinyalala, nthawi zina madzi kapena parafini. Kabuleta ya DT umaimasula pansi pa mtengo n'kuitsuka, pampu ikapsa ndiye kuitanitsa kunja n'kudikira. Petulo wathu ali kale ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amakoka chinyezi njinga ikakhalitsa osayenda, thanki n'kuchita dzimbiri m'kati. Pokaona Ninja ija mutsegule thanki muwalitsemo tochi ya foni. Zikavuta mpaka kugula wa m'chigubu, musefe ndi kansalu koyera.

WaMatawale

Zikomo nonse, CBR600RR ndaisiya, ngakhale mtima ukuwawa. A V2, ndine wamfupi ndithu, ndipo mayi a kunyumba anena kale kuti sadzakwera, ndiye nkhani ya anthu awiri palibe. Mayi a clearing mwanditsegula maso, ndawerengera za Joni zija zapitirira ndalama yanga kutalitali. Ninja ndikaiona Loweruka. Mwini wake watumiza zithunzi, matayala akuoneka kuti mapanga ake akadali akuya, akuti sanasinthepo chigulireni. Ndiye kuti pamenepo ndapulumuka? Madala a Chinamwali, mungandiperekeze? Transport ndi ya fanta ndi yanga.

Makaniko_Chinamwali

Mawu akuti "sanasinthepo" ndi amene akundiopsa. Tayala limakalamba ngakhale mapanga ali akuya, labala amauma, pa tala yonyowa limatereka ngati sopo. M'mbali mwa tayala muli malembo a DOT, kumapeto kwake kuli manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2314 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2014. Muuzeni ajambule pamenepo atumize lero. Likapitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mtengo wa matayala awiri uchoke pa mtengo wa njinga, ndipo ajambulenso tcheni ndi mano a sproketi yakumbuyo, akakhala osongoka ngati mbedza tichotsanso ya seti imeneyo.

Loweruka m'mawa ndili ndi ntchito ya kasitomala, tinyamuke cha m'ma 11. Ndalama musatenge, tikangoona kaye. Mutenge chisoti chanu ndi laisensi, ine nditenga mita yoyezera batire.