Ulendo wa ku Nyanja ya Kazuni ku Vwaza: tipite liti, tikonzekere bwanji?

Wa ku Chibavi:
Akuluakulu, tikufuna kupita ku Vwaza, nkhalango yosungirako nyama zakutchire kumadzulo kwa Rumphi, ndi banja, akulu anayi ndi ana awiri, kuchokera kuno ku Mzuzu. Galimoto yathu ndi yaing'ono. Kodi ingafike ku Kazuni? Nanga mwezi wabwino ndi uti, ndipo tinyamule chiyani?

Dalaivala wa ku Luwinga:
Achimwene, pitani pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Nthawi imeneyo madambo a m'nkhalango amakhala atauma, ndiye njovu, njati, nswala ndi njiri zimatsikira zokha ku nyanja kudzamwa. Nthawi ya dzinja madzi amapezeka paliponse, nyama zimabalalika, udzu umatalika, msewu nawo umaterera.

Tengani M1 kudutsa Ekwendeni ndi Enukweni, mukhotere ku Rumphi podzera pa mlatho wa Njakwa, makilomita pafupifupi 70. Kuchoka ku Rumphi kukafika pageti la Kazuni ndi ngati makilomita 30, ambiri a fumbi. M'chilimwe galimoto yaing'ono imafika mukamayenda pang'onopang'ono, koma m'tinjira ta m'kati pamafunika yokwera. Mafuta mudzazire ku Mzuzu konkuno, ku Kazuni kulibe. Tayala lapadera likhale lopopa, jeki ndi sipanala muziyese musananyamuke. Tengani ziphaso za unzika chifukwa a Malawi amalipira mtengo wotsika pageti, ndipo ndalama zikhale zapamanja.

Namwino wa ku Katoto:
Ine ndikambe za kashembe, poti muli ndi ana. Ntchentche imeneyi ku Vwaza iliko, ndipo ina imafalitsa matenda a kaodzera. Imakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, n'chifukwa chake misampha yake ndi nsalu za mitundu iwiriyi. Choncho jinzi ndi malaya akuda zisiyeni kunyumba. Valani za khaki, za manja aatali, nsalu yokhuthala, chifukwa imaluma kubowola nsalu yopyapyala. Imathamangiranso galimoto yoyenda, ndiye m'thengo mawindo atsekedwe. Mafuta othamangitsa udzudzu musawadalire pa kashembe, koma pakani madzulo ndipo mugone m'masikito poopa malungo.

Si kuluma kulikonse kumene kumadwalitsa, musachite mantha. Koma wina akatentha thupi, mutu kuwawa, kapena polumidwa pakatuluka chilonda chotupa pasanathe masabata atatu, thamangirani kuchipatala mukanene momveka kuti munali ku Vwaza. Poyamba matendawa amafanana ndi malungo, ndipo anthu amataya masiku akumwa mankhwala a malungo pamene vuto ndi lina. Akapezeka msanga amachizika. Chipatala cha boma ku Rumphi chimawadziwa bwino.

Wa ku Chibavi:
Zikomo amayi, za jinzi sindikanaziganizira. Nanga ana angasewere m'mphepete mwa madzi?

Mphunzitsi wa ku Zolozolo:
Ayi bambo, ngakhale kusamba m'manja. Kazuni si Nkhata Bay. Ndi nyanja yosaya, yolumikizana ndi mtsinje wa South Rukuru, ndipo muli mvuu zambiri ndi ng'ona. Mvuu zimatuluka usiku kukadya udzu n'kubwerera m'bandakucha, ndipo zikadzidzimuka zimathamangira kumadzi mosayang'ana chili panjira. Musaime pakati pa mvuu ndi madzi. Usiku aliyense akhale ndi tochi, mwana asapite yekha kuchimbudzi.

Njovu zimadutsa mpaka pamalo ogona. Ikatambasula makutu n'kupukusa mutu, ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Bwererani m'mbuyo mwakachetechete, osaliza hutala, makamaka ngati ili ndi mwana. Malalanje ndi nthochi musagone nazo m'tenti, zitsekereni m'galimoto, chifukwa njovu zimanunkhiza patali, anyani nawo masana sachedwa kulanda. Kuyenda pansi m'thengo ndi pokhapokha muli ndi mlonda wa nkhalango wamfuti, funsani pageti.

Ine ndingati musatope n'kuzungulira tsiku lonse. Khalani pamthunzi moyang'ana nyanja kuyambira 3 koloko masana mpaka dzuwa litalowa, mudzaona zambiri kuposa woyendayenda. Chakudya, makala ndi madzi akumwa mugulire ku Mzuzu kapena ku Rumphi, malita 4 munthu aliyense patsiku, chifukwa mu Okutobala chigwa chimenecho chimatentha kuposa kuno.