Ndinaonera mpikisano wa agalu obusa nkhosa ku Wales, kodi kuno kwathu zingatheke?

Bambo a Tisa, Kapata, Chipata

Moni nonse abale anga. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo kumudzi kwathu cha ku Chiparamba ndili ndi ng'ombe 7 ndi mbuzi 13 zimene mng'ono wanga amandisungira. Mwezi wa Ogasiti ndinali ku Wales kukaona mwana wanga wamkazi amene ndi namwino kumeneko, ndipo Loweruka lina mkamwini wanga anatitengera kumpikisano wa agalu obusa nkhosa. Ndinali ndisanaonepo chinthu chotere chibadwire.

Malo ake anali busa lalikulu lotsetsereka m'mbali mwa phiri, kamvula kakuwaza. Amene anandikhudza kwambiri anali mayi wina wachikulire, wa msinkhu ngati wanga womwewu, ndodo yokhota kumutu ili m'manja. Anaima pafupi ndi mtengo wozikidwa pansi, galu wake wakuda ndi woyera atakhala kumapazi. Nkhosa zisanu zinali kutali ngati mabwalo a mpira atatu kapena anayi olumikizana, zikungooneka ngati timiyala toyera. Mayiwo anangonong'ona kamodzi. Galu sanalunjike kunkhosa ayi. Anathamanga mokhota m'mbali mwa mpanda, n'kuzimiririka kuseri kwa kachitunda, kenako ndinangoona watulukira kumbuyo kwa nkhosa n'kugona pansi. Atadzuka anayenda chokwawa, mutu uli pansi, ngati mphaka akamazembera mbewa, ndipo nkhosa zinayamba kutsika zikuyenda mwaulemu.

Pakakhola ndi pamene ndinaiwala kupuma. Nkhosa zinayi zinali pakhomo, koma yaikazi imodzi inatembenuka, n'kuyang'anizana ndi galu, ikuponda pansi ndi mwendo wakutsogolo. Galu sanauwe. Anangoiyang'anitsitsa, mwendo umodzi uli m'malere, mpaka ine ndinawerenga kufika 20. Kenako anauponda pansi mwendowo, kamodzi kokha, ndipo nkhosa ija inatembenuka n'kulowa. Mayiwo anakoka chingwe, chitseko chinatsekeka, anthu m'manja phuphuphu.

Zimene sindinamvetse ndi izi. Mnyamata wina galu wake anamaliza msanga, nkhosa zikuthamanga ngati zaona fisi, koma malikisi ake anali ochepa. Galu winanso anangogwira ubweya wa nkhosa ndi mano, woweruza analiza huta ya galimoto, mwini wake n'kuchoka pabwalo osamaliza. Amaweruza bwanji? Nanga miluzu ija imatanthauza chiyani?

Koma funso limene likundisowetsa tulo ndi lina. Amene amabusa ng'ombe zanga ndi kamnyamata ka zaka 11, pa pangano lija timalidziwa tonse, loti akabusa zaka zinayi tidzam'patsa ng'ombe imodzi yaikazi. Kusukulu amapita mwa apo ndi apo, chonsecho boma linachotsa malipiro a sukulu mu 2022. Ine ndagwira choko zaka zoposa 30, ndipo pamene galu uja ankagwira ntchito ndinkaona mwanayu akuthamanga m'dambo wopanda nsapato, miyala ili m'manja. Kodi galu wotere sangagwire ntchito imeneyi kuno, mwana n'kubwerera m'kalasi?

Amake Dalitso, Scotland (kwathu ku Chadiza)

Zikomo bambo, mwalongosola ngati tinali limodzi. Ine bambo a kunyumba amagwira ntchito pafamu ya nkhosa kuno, ndiye mipikisanoyi ndaionera kambirimbiri. Ndiyankheko mbali ya malikisi.

Chinsinsi chake n'chakuti si mpikisano wa liwiro. Galu amayamba ndi malikisi onse, woweruza n'kumachotsa akaona cholakwa. Pampikisano wa dziko lonse amagawa chonchi: kuthamanga mokhota kukafika kumbuyo kwa nkhosa 20, kuzidzutsa pamene zaima 10, kuzibweretsa kwa mwini galu 20, kuzipirikitsa kuchoka kwa mwini n'kuzidutsitsa pazipata ziwiri 30, kupatula ziwiri pagulu 10, kulowetsa m'kakhola 10, ndi kupatula imodzi yokha mwa ziwiri zovala kansalu kofiira m'khosi 10. Zonse pamodzi 110, ndipo nthawi yake ndi mphindi 15. M'mipikisano ing'onoing'ono ya m'midzi amasinthako pang'ono.

Woweruza amakhala ndi mzere wowongoka m'mutu mwake, kuchoka pamene nkhosa zaima kufika kwa mwini galu, ndiponso kuchoka chipata china kufika china. Nkhosa zikapatuka pamzerewo, malikisi apita. Zikathamanga kwambiri zimakhotakhota n'kuphonya chipata, ndiye mnyamata wanu uja analuza pamenepo. Mlimi weniweni safunanso kuti nkhosa za bere zizithamangitsidwa. Galu woluma amachotsedwa nthawi yomweyo, n'chifukwa chake munamva huta. Mwini galu naye saloledwa kuchoka pamtengo paja mpaka nthawi yopatula itakwana.

Mawu amene amanena ndi ochepa. "Come bye" ndiye kuti zungulira nkhosa mmene muvi wa wotchi umayendera, "away" zungulira mbali inayo, "lie down" gona kapena ima, "walk on" yandikira, "that'll do" basi zatha bwerera kuno. Lamulo lililonse lili ndi mluzu wake chifukwa mawu safika kutali mphepo ikamaomba. Ena amaimba ndi zala m'kamwa monga abusa akwathu, ena ali ndi kachitsulo kaphwatalala koika palilime. Munthu wa agalu awiri amaphunzitsa aliyense miluzu yakeyake kuti asasokonezane. N'chifukwa chake oonerera saloledwa kuimba mluzu kapena kukuwa galu ali pantchito.

Mwina simunadziwe kuti munali kwawo kwenikweni kwa mwambowu. Mpikisano woyamba wodziwika ku Britain unachitikira ku Bala, ku Wales komweko, mu 1873. Bungwe loyang'anira, International Sheep Dog Society, linayamba mu 1906. Agaluwo ndi a mtundu wa Border Collie, ndipo ambiri mzere wawo umabwerera kwa galu mmodzi dzina lake Old Hemp, wobadwa mu 1893 ku Northumberland, amene anatchuka chifukwa chogwira ntchito mwakachetechete. Mukadzabweranso yesetsani kuonera chimaliziro cha mpikisano waukulu wa mayiko anayi a kuno (England, Scotland, Wales ndi Ireland). Kumeneko nkhosa ndi 20, zili m'magulu awiri patali pafupifupi mamita 700, ndipo galu akabweretsa gulu loyamba amauzidwa kulisiya n'kubwerera kukafuna lachiwiri limene sakuliona. Ine pamenepo misozi imalengeza nthawi zonse.

Za kumudzi ndisiyire amene ali ndi ziweto.

Mlimi wa ku Katete

Aphunzitsi, ndikupatsani ulemu chifukwa mwanena poyera zimene ambirife timabisa. Nanenso ndinabusa ng'ombe za eni zaka zinayi ndili mwana, ng'ombe ndinalandiradi, koma sukulu ndinalekezera giredi 4. Ndiye sindikulankhula ngati munthu wosadziwa kuwawa kwake.

Koma galu ameneyo sangalowe m'malo mwa mwana. Onani bwino zimene munaona: mayi uja anali pomwepo, akulamula phazi lililonse. Galuyo ndi miyendo ya mbusa, mbusa weniweni ndi munthu. Kwawoko mabusa ali ndi mipanda, nkhosa zimadya zokha, galu amangofunika pozisonkhanitsa. Kuno ntchito ya mbusa m'dzinja ndi kuima tsiku lonse pakati pa ng'ombe ndi minda ya anthu. Ng'ombe ikangolowa m'munda wa nsawa kapena wa thonje, mawa lake muli pabwalo kwa amfumu. Galu adziwa bwanji kuti apa ndi malire a dimba la uje? Nanga wakuba akabwera, nanga ng'ombe ikatitimira m'matope kudambo?

Chinanso, mbuzi si nkhosa. Nkhosa zikaopa zimaunjikana, ndipo galu amadalira khalidwe limenelo. Mbuzi zathuzi zikaopa zimabalalika, ina pachulu, ina m'tchire, tonde n'kutembenuka ndi nyanga. Ng'ombe zathu za Angoni nazo, makamaka yoyamwitsa, galu imam'thamangitsa.

Chimene ndinayesa ine n'kuona chikugwira ndi china. Ndinatenga kagalu wamba kakumudzi ka milungu isanu ndi iwiri, n'kukaika m'khola la mbuzi. Kankagona momwemo, nsima ya gaga kankadyera momwemo, ndipo ndinaletsa ana kukanyamula kapena kupita nako kokumba mbewa. Miyezi yoyamba kankalira usiku, amayi a kunyumba ankandidandaula kuti ndikukazunza. Lero ndi galu wamkulu, m'mawa amatuluka ndi mbuzi, madzulo amabwera nazo, ndipo fisi akayandikira khola mudzi wonse umadzuka. Sabusa monga wa ku Wales, amangokhala nazo ngati abale ake. Chiyambire sindinatayepo mbuzi usiku.

Za mwanayo, ife m'mudzi mwathu mabanja asanu tinaphatikiza ng'ombe, akuluakulu n'kumasinthana masiku. Aliyense amabusa tsiku limodzi pa masiku asanu, ana amathandiza Loweruka ndi patchuthi. Si zophweka, pamakhala wina wozemba tsiku lake likafika, makamaka nthawi yopalira. Koma ana athu onse akupita kusukulu.

Wazanyama, Petauke

Ine ndimagwira ntchito ya katemera ndi kudibitsa ziweto m'midzi. A ku Katete anena zoona, ndipo njira yawo yolera kagalu m'khola ndi yodziwika. Ku Namibia bungwe la Cheetah Conservation Fund lakhala likupatsa alimi agalu a mtundu wa Anatolian kuyambira 1994, oleredwa pakati pa mbuzi ali aang'ono, kuti aziteteza ziweto ku zilombo. Galu wolondera ndi galu wobusa ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo galu mmodzi sachita zonse.

Ndisiyane nawo pang'ono pokha. Border Collie amatha kugwira mbuzi ndi ng'ombe akazolowerana nazo, ndipo ku South Africa alimi amawagwiritsa ntchito kumalo otentha ndithu. Vuto si galu, ndi chisamaliro. Wophunzitsidwa kale ndi wodula kwambiri, wosaphunzitsidwa amafuna munthu wodziwa woti akhale naye tsiku ndi tsiku kuyambira ali ndi miyezi pafupifupi 10 mpaka chaka china chathunthu. Galu wothamanga chotero sangakhalire makoko a nsima. Ubweya wake wautali umabisa nkhupakupa, ndipo agalu ochokera kunja amafa msanga ndi matenda a nkhupakupa kusiyana ndi akumudzi. Chakuchigwa cha Luangwa kulinso kashembe. Mu Okutobala dzuwa likafika pamutu sangagwire ntchito, ndi m'mawa ndi madzulo basi. Akasowa chochita amayamba kuthamangitsa nkhuku, njinga ndi ana.

Galu aliyense amene mungasankhe, katemera wa chiwewe ayambe ali ndi miyezi itatu ndipo azibwereza chaka ndi chaka. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo adwale.

Amake Dalitso, Scotland (kwathu ku Chadiza)

Ndawawerengera bambo a kunyumba zimene alemba a ku Katete, ndipo avomereza. Akuti galu wa bwana wawo amasonkhanitsa nkhosa za phiri lonse, ntchito yoti anthu angapo akanathera tsiku, koma akamusiya yekha kubusa sadziwa kopita nazo, amangozibweretsa pageti n'kugona.

Bambo a Tisa, Kapata, Chipata

Zikomo kwambiri nonse. Amake Dalitso, tsopano ndamvetsa chifukwa chake mayi aja anapambana ngakhale ankaoneka ochedwa. Ndapezanso kavidiyo kamene mkamwini wanga anajambula pafoni, ndipo ndaona kuti nkhosa zawo zinatsika ngati zikuyenda pachingwe.

Achimwene a ku Katete, mawu anu andilasa, koma ndi oona. Ndinkafuna galu kuti andichotsere mlandu umene uli wanga. Dzulo ndinakwera basi kupita kumudzi, ndinakhala pansi ndi mng'ono wanga ndi amayi ake a mwanayo. Mayiwo mantha awo anali amodzi, oti mwana akasiya kubusa ng'ombe ija sadzaiona, pamene wagwira kale zaka ziwiri. Ndawauza pamaso pa amfumu kuti kang'ombe kakakazi kofiira kamene kanabadwa chaka chatha ndi kake kuyambira lero, ndipo kakhala m'khola mwathu mpaka iwo atamanga lawo. Lolemba ndikupita naye ndekha kwa ahedi, ndamugulira kale makope ndi yunifolomu ku Down Shops.

Za kusinthana masiku, mabanja awiri avomera, lachitatu likuti liyankha bambo a banjalo akabwera kuchokera ku Lusaka. Masiku a banja lathu ndizilipira munthu wamkulu kuchokera pa penshoni yanga. Mundiuzeko a ku Katete, amene wazemba tsiku lake mumamulipiritsa chiyani, ndipo ng'ombe ikadya m'munda patsiku la munthu wina, amalipira ndi mwini ng'ombe kapena wobusa tsikulo? Ndikufuna tizilembe papepala mvula isanagwe. Galu wa mng'ono wanga ali ndi bere, ndipo ndamuuza kale kuti kamodzi kadzalowe m'khola la mbuzi.